Mafunso ndi mayankho pa za malo a sukulu ya pulaiveti yomwe inatsekedwa mdera lathu

Chitsekereni sukulu ija ya kuseri kwa msika sindinayendepo mtunda osaimitsidwa. Pa siteji, ku maliro, potuluka mtchalitchi, mafunso ake ndi omwewomwewo, koma mayankho amene akuyenda mmakwalalamu ambiri ndi mphekesera ndipo ena ayamba kale kudyetsa anthu ndalama. Nde ife a komiti yomwe inasankhidwa pa msonkhano wa mabuloko lida uja tinagwirizana kuti ndilembe zonse malo amodzi. Ine sindine loya, ndine kholo, ana anga awiri analowa pa geti limenelija mmawa uliwonse kwa zaka zambiri, ndipo zomwe zili apazi ndi zomwe taona pa mapepala komanso zomwe malamulo a dziko lino amanena. Dzina la sukulu ndi la banja la eni ake sinditchula, tonse tikuwadziwa ndipo anthuwa akadali pa chisoni.

Kodi yatsekedwadi, kapena itsegulidwanso teremu ikubwerayi?

Yatsekedwa. Banja linalembera makolo kalata ndipo linadziwitsanso a zamaphunziro. Olo wina atabwera mawa ndi ndalama zake sangangochotsa loko nkuimba belu, sukulu ya pulaiveti imayenera kulembetsedwa ku unduna wa zamaphunziro malinga ndi Education Act ya 2013, ndipo oyendera masukulu amayamba abwera kudzaona makalasi, zimbudzi, madzi ndi mapepala a aphunzitsi. Chonde musasunge mwana pakhomo podikira, mupezereni malo kwina.

Chinavuta ndi chani, sukulu inkaoneka yoyenda bwinobwino?

Inkaoneka choncho kunja kokha. Bala loyamba linali la Covid, masukulu onse anatsekedwa pa 23 Marichi 2020 ndipo anayamba kutsegulidwa pang'onopang'ono mu Seputembala ndi Okotobala, miyezi yonseyo fizi sinkalowa koma alonda, madzi ndi ngongole zinkafuna ndalama. Ana ena sanabwerere nkomwe. Kenako kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, nkugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mapepala, choko, mafuta a basi, ufa wa ana ogonera zonse zinakwera, akakweza fizi makolo tinkasamutsa ana, akapanda kukweza aphunzitsi abwino ankachoka. Tisabise, ambiri a ife tinachoka ndi mabalansi osalipira. Pamene adayilekitala, omwe anali eni sukuluyi, ankatisiya nkuti sukulu ikupuma movutikira kale, ndipo ana awo ali ndi ntchito zawo, palibe amene anali mu za uphunzitsi.

Nde malowo ndi a ndani kwenikweni?

Pa mapepala ndi a malemu adayilekitala, pa lizi ya zaka 99 yochokera ku boma. Si a mfumu, si a buloko lida, si a komiti, si athu okhala mderali.

Ndikudziwa kuti izi zimawawa kumva. Achikulire ena akuti makolo awo ankalima pompaja tauni isanafike kuno, ndipo sindikuwatsutsa. Koma muno mu Lilongwe puloti yopimidwa imakhala ndi landilodi wake wodziwika, pena unduna wa za malo, pena khonsolo ya mzinda, pena Malawi Housing Corporation, ndipo iyi landilodi wake ndi unduna. Tikayamba nkhaniyi ndi mawu oti "malo athu" tiluza tisanayambe. Mphamvu yathu ili penapake, onani funso lotsatirali.

Liziyo ndi chani, ndipo ife ikutikhudza pati?

Lizi ndi kubwereka malo kwa nthawi yaitali. Boma limakupatsa puloti kwa zaka zakutizakuti, iwe nkumalipira kalendi kapachaka kamene amati ground rent, ukhoza kumanga, kupinyolitsa ku banki, kusiyira ana, olo kugulitsa zaka zotsalazo, koma mkati mwa chikalatacho mumakhala mfundo zoti uzitsatira. Mfundo yaikulu ndi ya ntchito ya malowo. Pali mapuloti a nyumba, a bizinesi, a mafakitale, ndi ena osungidwira zinthu za anthu onse monga sukulu, chipatala kapena tchalitchi.

Puloti iyi inalembedwa kuti ndi ya sukulu. Nchifukwa chake inaperekedwa yaikulu chonchija, ndi graundi yomwe, pamene ife tonse tili pa timapuloti toti galimoto ikalowa ana alibe posewera. Opanga mapulani a mzinda ankawerengera kuti dera la nyumba zochuluka chonchi lizikhala ndi pophunzirira pafupi. Tsono amene agule akugula pamodzi ndi mfundo imeneyo, sikuti imafa ndi mwini wake ayi. Kuti malowo asinthe ntchito pamafunika chilolezo cha landilodi komanso cha a mapulani ku khonsolo, ndipo apo ndi pamene ife oyandikana nawo tili ndi pakamwa. Nkhani yonseyi kwa ine yagona pamenepa basi.

Mwadziwa bwanji zimenezi, nanenso ndingakaone ndekha?

Mukhoza. Malo olembetsedwa pansi pa Registered Land Act amakhala ndi kaundula ku ofesi ya za malo, mumatenga nambala ya taitolo, kulemba fomu ya search, kulipira kandalama kovomerezeka nkutenga lisiti la boma, ndiye amakupatsani pepala losonyeza mwini, mtundu wa umwini, ndi ngati pali ngongole kapena chiletso chilichonse pa malopo. Ife tinachita zimenezi ndipo kope ili ndi mlembi wa komiti, aliyense akhoza kudzawerenga koma osapita nayo. Safunsa anadya phula, musadalire za pa bawo.

Akuti banki yalanda kale, ndi zoona?

Sinalande. Choona nchakuti pa kaundula pakuoneka kuti malowo anaikidwa chikole pa ngongole, yomwe banja likuti inali yomangira hostelo ya atsikana ija yomwe inathera pa lintala. Ngongole ikapanda kubwezedwa banki ili ndi mphamvu yogulitsa, koma imayamba yapereka notisi yolemba, nthawi ya notisiyo nkutha, kenako nkulengeza malonda poyera. Ikagulitsa imatenga zake ndi zolipira zina, zotsala zimabwerera ku chuma cha masiye. Chomwe tiyenera kumvetsa nchakuti banki siyang'ana kuti wogula adzachita chani pamalopo, imangofuna ndalama yake. Nchifukwa chake a komiti tikufuna kuti papezeke wogula kapena wochita lendi wa sukulu zinthu zisanafike pa okushoni.

Nanga ana a malemu angathe kugulitsa?

Angathe, koma osati aliyense payekha, ndipo osati lero. Chuma cha munthu womwalira chimayendetsedwa ndi lamulo la 2011 la chuma cha masiye, Deceased Estates Act. Ngati anasiya wilo pamakhala munthu wotchulidwamo woti ayendetse, ngati sanasiye khoti limapereka makalata a ulamuliro kwa munthu kapena anthu oyenera, nthawi zina ofesi ya Administrator General ndi imene imagwira. Popanda makalata amenewo siginecha ya mwana woyamba, ya amalume, olo ya amayi a pakhomopo siyingasamutse taitolo. Ndipo ngongole zimayamba zalipidwa cholowa chisanagawidwe.

Pa lizi ya boma pamafunikanso chilolezo cha unduna kuti umwini usinthe, kalata ya MRA yosonyeza kuti za msonkho zili bwino, ndi kuti ground rent ndi ma city rates alipidwa. Ena akuti munthu wakunja wagula kale zonse mwakachetechete. Pa search yathu palibe dzina latsopano, komanso kusintha kwa lamulo la malo kwa 2022 kunakhwimitsa kwambiri za kugulitsa malo kwa anthu omwe si nzika.

Ndipemphe chinthu chimodzi apa. Banjali si adani athu. Bambo awo anaphunzitsa ana ena a mderali ulere, timawadziwa, ndipo iwo atsala ndi ngongole yomwe sanatenge ndi iwo. Tikamawalankhula tiziwalankhula ngati anamfedwa.

Wogulayo angamange chilichonse, monga bala, loji kapena filling station?

Ayi, osati mwa kufuna kwake kokha. Pansi pa Physical Planning Act ya 2016, kusintha ntchito ya malo kapena ya nyumba, ngakhalenso kudula puloti imodzi kukhala mapuloti angapo, zimatengedwa ngati chitukuko chofuna chilolezo, olo munthu asanaike njerwa imodzi. Ndiye kuti kusandutsa makalasi aja kukhala zipinda za loji popanda kugwetsa khoma lililonse nakonso nkusintha ntchito. Pempho limapita ku komiti ya mapulani ya khonsolo, yomwe imayang'ana mapu a mzinda, misewu, madzi, zimbudzi, phokoso ndi mmene anthu ozungulira akhudzidwire. Wina akayamba kumanga opanda chilolezo khonsolo ili ndi mphamvu yomuimitsa ndi notisi mpaka kugwetsa.

Pamwamba pa apo bizinesi iliyonse ili ndi ziphaso zake. Mowa umafuna laisensi ya khonsolo, filling station imafuna ya MERA, bungwe loona za mafuta ndi magetsi, ndipo ntchito zikuluzikulu zimafuna kuti a MEPA, bungwe loteteza chilengedwe, aunike za chilengedwe malinga ndi lamulo la 2017, kuunika kumeneko kumaphatikiza kumva maganizo a anthu okhala pafupi.

Koma ndisakunamizeni kuti ndiye tagona tulo. Kusintha ntchito ya malo nkololedwa, pempho likhoza kuvomerezedwa, makamaka ngati wopemphayo akunena kuti sukulu inalephera chifukwa derali silikufunanso sukulu ndipo palibe amene akumutsutsa. Tonse tikudziwa nyumba zogona zomwe lero ndi maofesi ndi mashopu mmaeriya ena a mzinda uno. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 989,318 mu mzinda wa Lilongwe, ndipo chiyambire pamenepo anthu angochulukirabe pamene malo sakukula, nde puloti yaikulu yokhala ndi fensi, madzi ndi magetsi ngati ija aliyense wa ndalama akuimezera malovu. Ikangodulidwa nkumangidwa nyumba siidzabwereranso, ndipo zidzukulu zathu zidzakwera minibasi ziwiri kupita ku Sitandade 1.

Ndiye tingakane bwanji, tipange zionetsero?

Tiyambe ndi pepala. Ku ofesi chomwe chimawerengedwa ndi kalata yomwe ili mu fayilo, yodindidwa kuti yalandiridwa, osati kukuwa kwa pa geti. Komiti yalemba kale kalata yopita kwa mkulu wa khonsolo, makope kwa a za malo, a zamaphunziro, khansala wathu ndi aphungu, yonena zinthu zitatu, kuti tikudziwa kuti pulotiyi ndi ya sukulu, kuti tikufuna kudziwitsidwa pempho lililonse losintha ntchito kapena kudula likafika, komanso kuti tikupempha kuti likadzafika atimve kaye.

Chomwe chingapatse kalatayi mphamvu ndi umboni. Tikulemba khomo ndi khomo kuti pali ana angati a msinkhu wa sukulu, amaphunzira kuti, amayenda mtunda wautali bwanji, amadumpha msewu uti, ndi ndalama zingati za kabaza pa sabata. Mayina a ana sitikulemba, manambala okha. Access to Information Act, yomwe inayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020, imatipatsa ufulu wopempha kuona zomwe maofesi a boma asunga pa nkhani ngati iyi, ndipo ngati titaona kuti sitinamvedwe mwachilungamo kuli ofesi ya Ombudsman komanso khoti. Zotseka msewu ndi kuotcha matayala ine sindigwirizana nazo, zingangopereka chifukwa choti tizitchedwa anthu osokoneza.

Pali anthu akugulitsa mapuloti pa graundi, mtengo wake ndi wabwino, ndigule?

Musagule. Ndibwereze, musagule, olo akuonetseni mapu okongola okhala ndi manambala ndi chidindo. Palibe chilolezo chodula malowo chomwe chaperekedwa, taitolo ikadali imodzi, ili pa chikole, ndipo mwini wake ndi malemu, werengani mafunso a banki ndi a ana a malemu pamwambapa muone kuti ndi zitseko zingati zomwe sizinatsegulidwe. Amene akuyenda ndi tepi ndi zikhomo Loweruka mmawa aja ndi madobadoba. Banja latiuza maso ndi maso kuti silinatume munthu.

Kalata ya mfumu kapena ya buloko lida siyipereka umwini pa malo a lizi. Ngati mwapereka kale dipoziti sungani lisiti, mameseji ndi umboni wa Airtel Money kapena Mpamba, pitani ku polisi, ndipo musachite manyazi kutiuza, simuli nokha.

Bwanji boma osangotenga malowo nkutsegula sukulu yake?

Funso ili ndi lomwe ndimalimva kwambiri ndipo nanenso ndimalakalaka zitatero, pulaimale ya boma yomwe tili nayo pafupi inadzaza kalekale, chiyambire maphunziro aulere mu 1994 makalasi a mtauni sanapumepo. Boma lili nayo mphamvu yotenga malo a munthu pofuna ntchito yothandiza anthu onse, koma malamulo aakulu a dziko amati pakhale notisi yokwanira, chipukuta misozi choyenera, ndipo mwini ali ndi ufulu wokadandaula ku khoti. Kunena kwina boma liyenera kulipira, ndipo ndalamayo iyenera kukhala mu bajeti. Njira ina ndi yoti landilodi alande lizi chifukwa chophwanya mfundo zake, koma nayonso imayamba ndi manotisi, ndipo pomwe pali ngongole ya banki ndi ana amasiye si njira yachidule, komanso ine sindingaifunire banjali.

Chomwe tingachite ndi kukankha kuti nkhaniyi ilowe mu mapulani a chitukuko a wodi yathu kudzera kwa khansala, ndi kufunsa ngati thumba la chitukuko cha mdera la CDF lingathandizepo, kaya pa kukonza makalasi boma kapena bungwe lina litatenga malowo. CDSS pamalo paja ingakhale mphatso yaikulu, makalasi alipo kale, labu ilipo, zimbudzi zilipo.

Nanga ifeyo titasonkha nkugula?

Mtima umenewo ndi wabwino, koma tiwerenge bwino. Pafunika kaye valuer wovomerezeka ayike mtengo, ndipo malo aakulu chonchija mtauni si ndalama ya chipereganyu kapena banki mkhonde. Ndiye kugula ndi chiyambi chabe, mwezi uliwonse pafunika malipiro a aphunzitsi, penshoni, madzi, magetsi, ma rates, zomwe zinagwetsa eni ake omwe. Titati tiyese, ndalama isapite mu akaunti ya munthu, tilembetse kaye trust kapena kampani yosapanga phindu, yokhala ndi malamulo ake olembedwa ndi osayinira angapo.

Maganizo anga ine, osati a komiti yonse, ndi akuti lendi ndi yomwe ingatheke msanga. Papezeke anthu odziwa kuyendetsa sukulu, kaya ndi ena omwe ali kale mu ISAMA, bungwe la masukulu a pulaiveti, ndipo akusowa malo, kaya gulu la aphunzitsi opuma, achite lendi kwa zaka zingapo mogwirizana ndi banja ndi banki, lendiyo izidula ngongole. Banja silitaya cholowa, banki ikulandira, ana akuphunzira. Mbali ina ya mabuloko ikhoza kukhala sukulu ya mkaka mmawa, ina ya ntchito za manja zovomerezeka ndi TEVETA, anyamata athu ambiri angokhala pa siteji ndi MSCE mthumba.

Mipingo ina ikufuna malowo, pali vuto?

Zitengera kuti akufuna kuchitapo chani. Mipingo ndi imene inayambitsa masukulu ambiri mdziko muno ndipo ena mwa abwino kwambiri ndi a mishoni mpaka lero, nde ngati mpingo ukubwera kudzayendetsa sukulu yolandira mwana aliyense, tiulandire ndi manja awiri. Ngati ukufuna holo yokha yopempherera makalasi nkukhala otseka, kumeneko nkusinthanso ntchito ya malo ndipo yankho lake ndi lomwe lili pa funso la bala ndi loji.

Mwana wanga amafuna transfer ndi ma report ake, ndipita kwa ndani?

Mafayilo a ana sanatayike, ali mu ofesi ya ahedi yokhoma ndipo omwe anali achiwiri kwa ahedi avomera kumabwera Loweruka mmawa kudzalemba makalata a transfer. Bwerani ndi dzina lonse la mwana ndi kalasi yomwe anasiyira. Sukulu ya boma ikakuvutani kulandira mwana wa pulaimale pitani kwa PEA, mlangizi wa masukulu a pulaimale wa zoni yathu, ku ofesi yake ya TDC, za sekondale zimayendetsedwa ku ofesi ya divishoni.

Amene ali mmakalasi a mayeso, Sitandade 8, Fomu 2 ndi Fomu 4, musazengereze ngakhale tsiku limodzi. Mayeso a MANEB mwana amalembetsa kudzera pa senta yovomerezeka ndipo nthawi yolembetsa ikatseka yatseka, funsani ku sukulu yatsopanoyo ngati dzina lake lalowadi, osangokhulupirira pakamwa. Omwe anamaliza kale koma sanatenge satifiketi abwere adzatenge Loweruka lomwelo zisanasokonekere, ndipo ngati yanu inasowa MANEB ku Zomba imasunga zotsatira ndipo imapereka chikalata chotsimikizira.

Ndinalipiriratu fizi ya teremu yomwe sinaphunzitsidwe, ndalama yanga ibwera?

Mwalamulo chuma cha masiyecho chikuyenera kukubwezerani ndalama yanu, lembani kalata yofuna ndalamayo, phatikizani kope ya lisiti kapena silipi ya ku banki, mupereke kwa woyendetsa chumacho akadziwika. Zikakanika kuli khoti la majisitireti, komanso a Competition and Fair Trading Commission amalandira madandaulo a ogula. Koma kunena chilungamo mzerewu ndi wautali ndipo ndalama siyioneka mpaka malowo atayamba kubweretsa kanthu. Amene tili ndi mabalansi nafenso tikumbuke kuti ngongoleyo sinafe.

Aphunzitsi ndi alonda akuti sanalandire miyezi ingapo, zawo zili pati?

Iyi ndi mbali yomwe imandisowetsa tulo, chifukwa ndi anthu omwe anapitiriza kulowa mkalasi osalandira kuti ana athu amalize silabasi. Employment Act imati ntchito ikatha chonchi munthu alandire malipiro ake otsala, masiku a holide omwe sanapite, notisi, ndi severance allowance. Kawerengedwe kake nkakuti malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse chathunthu mzaka zisanu zoyambirira, masabata atatu pa chaka kuyambira chachisanu ndi chimodzi mpaka chakhumi, ndi masabata anayi pa chaka kupitirira apo. Za penshoni ndi zapadera, bwana amayenera kuikapo 10 peresenti wantchito 5 peresenti, nde aliyense akafunse ku kampani ya penshoni ngati zomwe ankadulidwa zinkafikadi.

Poyambira ndi ku Labour Office, zikakanika Industrial Relations Court, ndipo amene sangakwanitse loya akayese ku Legal Aid Bureau. Apite pamodzi ngati gulu, ndi ma payslip kapena makalata olembedwera ntchito, ndipo asachedwe chifukwa madandaulo a za ntchito ali ndi nthawi yake. Pa mgwirizano uliwonse womwe komiti ingathandize kukambirana, ine ndidzaumirira kuti anthu awa akhale koyambirira.

Mjigo ndi holo tinasonkha ndife makolo, sitingakatenge zathu?

Ndikukumbukira bwino, tinasonkha matumba a simenti pa PTA ndipo ena tinasenza mchenga. Koma chomwe chamangidwa pa nthaka chimatsatira nthakayo, mjigo, holo, thanki, zonse zili pa taitolo ija. Kukazula malata, mafelemu kapena pampu usiku ndi kuba, ndipo tikudzibaya tokha, chifukwa sukulu yopanda denga palibe wa sukulu angaifune, otsala ndi ogwetsa okha basi. Madesiki ndi mabuku ndi katundu wa chuma cha masiye mpaka woyendetsa atanena, tapempha kuti ngati sadzagwiranso ntchito pano ena apite ku pulaimale ya boma komwe ana akukhala pansi. Amene ali ndi maminitsi a PTA kapena malisiti a zosonkha zija atibwereke, ndi umboni wabwino woti derali linaikapo thukuta lake, ndipo tiuika mu kalata ya ku khonsolo ija.

Ana angapitirize kusewera mpira pa graundi? Nanga njira yodutsa, nanga olima chimanga kuseri?

Banja lavomera kuti mpira upitirire masana, bola pakhale wamkulu woyang'anira ndipo asalowe ku mabuloko, makamaka ku hostelo yosatha ija, kuli dzenje la septic lomwe silinatsekedwe bwino. Madzi a pa mjigo nawonso atilola kutunga pa nthawi zomwe mlonda alipo. Koma ichi ndi chilolezo, si umwini.

Ena amva kuti ukakhala pa malo zaka 12 amasanduka ako nde ayamba kupanga mizere. Lamulolo limakamba za munthu yemwe wakhala poyera, mosalekeza, opanda chilolezo cha mwini ndipo mwiniyo osachitapo kanthu zaka zonsezo, osati kulima nyengo imodzi pa malo omwe eni ake alipo ndipo akulondera. Chimanga chikakula chimabisanso akuba. Njira yachidule ija ndi pomwe fensi inagumuka, si msewu wa pa mapu, tiyeni tizizungulira.

Usiku pamalopo pakuopsa, achitepo kanthu ndani?

Udindo woyamba ndi wa eni, ndipo asiya mlonda mmodzi, koma mmodzi sangakwanitse malo onse aja. A neighbourhood watch awonjezera malowa pa ulendo wawo wa usiku ndipo a polisi ya mdera tawadziwitsa. Tagwirizananso zotchetcha udzu kamodzi pa mwezi ndi chilolezo cha banja. Chonde musatayeko zinyalala, zayamba kale kuunjikana ku ngodya ya kummawa, ndipo mvula ikayamba tonse tikudziwa za kolera, tinaona mu 2022 ndi 2023. Mukagwira munthu akuba mupititseni ku polisi, osamumenya.

Zonsezi zitenga nthawi yaitali bwanji, ndipo ine pandekha nditani?

Za chuma cha masiye ndi za malo sizithamanga, tiyembekezere miyezi yambiri, mwina kudutsa chaka. Choopsa pa kudikira nchakuti anthu timatopa, misonkhano imayamba ndi holo yodzaza nkumathera anthu asanu, ndipo tsiku lomwe pempho losintha malo lidzafike ku khonsolo lidzafika mwakachetechete.

Nde sainani kalata ija, ili kwa buloko lida wanu, alendi nanunso sainani chifukwa ana anu amaphunzira konkuno. Alandireni bwino achinyamata omwe akuyenda kulemba chiwerengero cha ana. Mukaona anthu akupima, akutsitsa njerwa kapena chikwangwani chatsopano pa fensi, jambulani nkudziwitsa wa komiti aliyense tsiku lomwelo. Ngati mukudziwa munthu kapena bungwe loyendetsa sukulu lomwe likusaka malo, tilumikizeni, ife tiwafikitsa kwa banja. Tikusowanso wina wa mdera lomwe lino wodziwa za malamulo a malo kapena za mapulani woti atithandize kuwerenga lizi yonse mzere ndi mzere. Msonkhano ndi Lamlungu loyamba la mwezi uliwonse, 2 koloko masana, pansi pa mtengo wa mango wa pa graundi, mubwere ndi mpando wanu.